Ndinkamwa Brufen ndi Indocid kuti m'mimba musamatane opaleshoni itatha, zomwe zinandionekera ndi izi

Ndikulemba izi kwa inu amene mwangotuluka kumene ku fiyeta, kaya ndi opaleshoni ya mwana, kaya ya ma fibroid (zotupa za m'chiberekero) ngati ine, kaya ya apendikisi, ndipo wina wakunong'onezani kuti muzimwa mankhwala ochepetsa kutupa kwa nthawi yaitali kuti mkati musamatane. Ine anandiuzanso zomwezo, ndinatsatira, ndipo zinandigoneka m'chipatala. Ndi yaitali koma chonde pirirani muwerenge.

Ndimakhala ku Area 25, ndimagulitsa kaunjika wa ana. Ma fibroid anandizunza zaka zingapo, kusamba kosatha, magazi kuchepa mpaka kumachita chizungulire pa bizinesi, mimba kumaoneka ngati ndine woyembekezera pomwe mwana amene tikumufuna ndi bambo akunyumba sakubwera. Mu June 2023 anandichita opaleshoni, anachotsa zotupazo koma chiberekero anasiya chifukwa ndinawapempha kwambiri. Opaleshoni inayenda bwino, pamenepo ndilibe dandaulo ndi munthu. Tsiku lotuluka adokotala ena achinyamata anangotchula mwapatalipatali kuti mayi, opaleshoni ngati iyi nthawi zina mkati mumamatana, ndiye ngati mimba siibwera chaka chikatha mudzabwere tidzaone machubu odutsamo mazira. Iwo ananena ngati nkhani wamba, koma ine mawu oti machubu aja anandikhala pamtima. Anandipatsa Panado, Brufen wa masiku ochepa, ma antibiotic ndi mapilisi a ayironi owonjezera magazi.

Ndinene pano kuti pasakhale kusamvana, Brufen amene anandipatsa kuchipatala uja analibe vuto. Kumwa masiku ochepa chifukwa cha ululu wa bala, utadya, monga wakulembera dokotala, ndi zomwe zimachitika kulikonse. Vuto linayamba atatha.

Alamu anga, akazi a achimwene awo a amuna anga, anabwera kudzandithandiza pakhomo. Iwo anabereka kawiri ndi opaleshoni ndiye ndinkawaona ngati odziwa. Nditawafotokozera nkhawa yanga anati alamu, zimenezo n'zosavuta, kumatana kumabwera chifukwa mkati mwatupa, ndiye inu osasiya Brufen, muzimwabe mpaka miyezi iwiri kaya itatu kuti kutupako kusapeze mpata. Sabata yomweyo pa gulupu yathu ya WhatsApp ya banki m'khonde wina anaponya voice note yonena zofanana, eti anamva kwa nesi wina. Zinthu ziwiri zikagwirizana chonchi munthu umangoti ndi zoona basi, komanso zinkamveka zanzeru ndithu, kutupa ndiye kumayambitsa, mankhwala ndi oletsa kutupa, nanga chovuta n'chiyani. Sindikuwadandaula alamu anga, ankandifunira zabwino ndipo ndi amene ankandichapira ndi kundiphikira nthawi yonseyo.

Amuna anga anakagula m'kasitolo kena ka mankhwala m'tauni, popanda pepala la dokotala, ndipo palibe anafunsa kuti wodwalayo ali ndi vuto lanji. Atafotokoza kuti ndi za munthu wa opaleshoni, wogulitsayo anawonjezera Indocid kuti ndi wamphamvu kuposa Brufen, ndi timapilisi toyera ting'onoting'ono totchedwa prednisolone, eti timeneti ndiye timaphwetsa kutupa kwenikweni. Ndiye ndinkamwa zonse, m'mawa ndi madzulo, nthawi zambiri ndi tiyi yekha chifukwa chilakolako cha chakudya chinali chisanabwerere. Tsiku limene msana wavuta ndinkawonjezera diclofenac amene anali m'nyumba kale. Sindinkadziwa kuti Brufen, Indocid, diclofenac ndi aspirin ndi a banja limodzi, ndipo kuwaphatikiza sikuwonjezera kuchira, kumangowonjezera kuwononga. Ine ndinkaona mayina osiyana, mitundu yosiyana, nkumati aliyense akugwira ntchito yake.

Choyamba chinali chilungulira. Pamtima pamatentha usiku mpaka kudzuka kukhala tsonga. Ndinagula maginiziyamu nkumatafuna, kumaleka pang'ono nkubwereranso. Kenako ndinaona kuti kumapeto kwa bala mbali yakumanzere sikukutseka, pamatuluka timadzi, pomwe mnzanga amene tinagona wodi imodzi anali atayamba kale kuyenda mpaka kumsika. Mapazi anayamba kutupa madzulo, masilipasi kumasiya mzere. Zonsezi ndinkati ndi za opaleshoni.

Chimene chinandichedwetsa kwambiri ndi nkhani ya chimbudzi. Chinasanduka chakuda, koma anesi anali atandichenjeza kuti mapilisi a ayironi amadetsa chimbudzi ndisadzadabwe, ndiye sindinadabwe. Apa mvetsetsani bwino amayi anzanga chifukwa ambiri timatuluka m'chipatala ndi ayironi. Chimbudzi cha ayironi chimada inde, pena mobiriwirako, koma chimakhala chouma bwinobwino, ena mpaka amadzimbidwa. Chimbudzi cha magazi ochokera m'chifu chimakhala chakuda bii, chonyezimira, chomata, chovuta kutsuka, ndipo fungo lake ndi lachilendo loti simunalimvepo. Changa chinasintha kuchoka pa choyambacho kufika pa chachiwirichi ine osazindikira kuti ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Cha kumayambiriro kwa August ndinagwa kubafa. Ndinadzuka usiku mtima ukuthamanga, thukuta lozizira, ndinasanza zakuda zokhala ndi timibulu, nditati ndiimirire maso anachita mdima. Amuna anga anakagogoda kwa aneba amene ali ndi galimoto, tinawathirira mafuta nkuthamangira kuchipatala chachikulu. Ndikukumbuka kuti m'galimotomo sindinkaopa imfa kwenikweni, ndinkangoganiza kuti chiberekero chang'ambika mkati ndipo achichotsa. Atayeza magazi anapeza ali pa 6, pomwe mzimayi wabwinobwino amayenera kukhala pa 12 kupita m'mwamba. Anandiika dripi, anati ndikufunika magazi, koma a gulu langa panalibe usiku umenewo, tinadikira mpaka tsiku lotsatira masana. Kudikira kumeneko amuna anga amati sadzakuiwala.

M'mawa kunabwera adokotala aakulu, bambo achikulire odekha. Anandifunsa mankhwala amene ndikumwa, ndinatchula a kuchipatala okha chifukwa enawo sindinkawawerengera ngati nkhani. Anafunsanso kachiwiri, mayi, chilichonse chimene mumameza, olo cha kugolosale, olo cha zitsamba. Ndiye amuna anga anatulutsa jumbo imene alamu anawalongedzera. Adokotala anakhuthulira pa bedi, nkuyamba kusanja timapaketi tija pa chitenje changa kamodzikamodzi, Brufen uku, Indocid uku, diclofenac, prednisolone, ena opanda kanthu atatha kale. Sanakalipe. Anangofunsa kuti anakuuzani ndani, ndipo mumafuna kuchiza chiyani. Nditawafotokozera anakoka mpando nkukhala, ndipo zimene anandiuza ndi zimene ndikufuna zikufikeni.

Anati kumatanako n'koona, sikuti alamu ananama ayi. Mkati mwa mimba muli kachikopa kosalala konyowa kamene kamakuta matumbo, chiberekero ndi khoma la mimba kuti zizitsetsereka bwino. Akakadula kapena kukagwiragwira pa opaleshoni, thupi limatulutsa zomatira kuti pavulalapo patseke. Mwa mwayi thupi lomwelo limasungunula zomatirazo pakapita masiku ochepa, koma zikapanda kusungunuka zimalimba nkukhala timinyewa tolumikiza ziwalo zomwe sizimayenera kugwirana, dzina lake ma adhesion. Anati mukamatumbula nkhuku mumaona timinyewa toyera topyapyala togwira matumbo, ndiye muyerekeze timeneto titamera pamalo olakwika. Ndipo anati nkhani yonse yoti pamatana kapena ayi imatha m'sabata yoyamba opaleshoni itachitika. Ndiye kuti pamene ine ndinkayamba kumeza mapilisi aja mwakhama, zoti zichitike mkatimo zinali zitachitika kale, miyezi yonse ija ndinkangopsereza chifu.

Ndinafunsa kuti nanga ndikanayamba tsiku loyamba lomwelo bwenzi zitathandiza? Anati akatswiri anayesa kale, mankhwala a gulu la Brufen komanso a gulu la prednisolone ndi dexamethasone. Pa makoswe ndi akalulu pena zinkaoneka ngati zikuchepetsako, koma pa anthu palibe umboni wokwanira woti dokotala angakulembere kuti uzimwa pofuna kupewa kumatana. Ndipo kutupa kumene timadana nako ndi njira yomweyo imene bala limapolera, ukakuletsa kwambiri makamaka ndi prednisolone bala limachedwa kutseka ndipo majeremusi amalowa mosavuta, nchifukwa chake bala langa linkatuluka madzi. Anawonjezera kuti kwa amene adulidwa matumbo nkulumikizidwa, madokotala ambiri amasamala kwambiri ndi diclofenac chifukwa pali nkhawa yoti polumikizapo pangathe kudontha.

Za chifu anafotokoza kuti mankhwala amenewa amaletsa thupi kupanga zinthu zina zomwe zimabweretsa ululu ndi kutupa, koma zinthu zomwezo ndi zimene zimateteza khoma la chifu ku asidi komanso zimathandiza magazi kuyenda bwino mu impso. Ndiye ukamwa nthawi yaitali chifu chimakhala pambalambanda, chilonda chimabooka, ndipo ukaphatikiza ndi prednisolone ngozi yake imakwera kwambiri. Impso zanganso zinali zitayamba kufooka, nchifukwa mapazi ankatupa. Anandifunsa ngati ndimamwa ma ARV kapena mankhwala a BP. Ine sindimwa, koma anati ndikauze anzanga kuti amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, amene ndi ambiri kuno kwathu, komanso a BP ndi a shuga, asamamwe mankhwala amenewa mwachisawawa chifukwa impso zawo zili kale ndi katundu. Oyembekezeranso ayi, makamaka miyezi yakumapeto. Chimene chinandiliza ndi pomwe ananena kuti kumwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku kumatha kusokonezanso kutuluka kwa dzira mwa amayi ena, ngakhale zimabwerera ukasiya. Ine ndinkamwa kuti ndidzabereke.

Ndinalandira magazi, anandiyamba omeprazole wa mu dripi kenako wa makapisozi. Prednisolone sanandisiyitse kamodzi, anati ukamwa masabata angapo thupi limazolowera ndiye kusiya mwadzidzidzi n'koopsa, anandichepetsera pang'onopang'ono. Ichi chisungeni, ngati mwakhala mukumwa timapilisi timeneti nthawi yaitali musangotaya lero lomwe, pitani nato kwa dokotala akuuzeni kasiyidwe kake. Kuti aone chilondacho pankafunika kulowetsa kamera kudzera kukhosi, mndandanda unali wautali ndiye tinakapangitsa kwa pulaiveti. Anapeza chilonda m'chifu chitasiya kale kutuluka magazi. Impso zinabwerera mwakale patapita masabata, ndimathokoza Mulungu pamenepo chifukwa ndinaona anthu ena mu wodi amene sizinabwerere.

Za ndalama ndinene mosabisa. Chithandizo cha kuchipatala cha boma sitinalipire, koma kamera ija, kuyezetsa impso mobwereza, mankhwala ena amene tinauzidwa kukagula kunja, mafuta a galimoto, chakudya cha gadiyani, zonsezi zinadya mpamba wanga wonse wa belo ndipo tinakongolanso ku banki m'khonde. Ndinakhala osagulitsa mpaka chilimwe. Pomwe ndimati ndidzuke, mu November kwacha inagwa ndi 44 peresenti, belo limene ndinkaligula bwinobwino linakwera moti ndinayamba kuoda zochepa kwa anzanga kumsika m'malo motsegula langa. Mapilisi amene ankaoneka otchipa aja ndi amene anatifikitsa pamenepo.

Ndiye mwina mukuti chabwino, chifu chinavulala, koma mwina mkati simunamatane. Munamatana.

Mu February 2024, nthawi ya mondokwa, tsiku lina madzulo m'mimba munayamba kupota. Ululu wake unali wobwera nkupita, kugwira mwamphamvu mpaka kupinda, kenako kusiya, kenako kubweranso. Ndinayesa kuti ndadya kwambiri chimanga chootcha. Pofika pakati pa usiku mimba inali itafufuma, ndikusanza chilichonse ngakhale madzi, kenako zobiriwira. Chimbudzi ayi, ngakhale mpweya wakumbuyo osatuluka olo pang'ono. Ulendo uno sitinadikire kuche, ndipo sindinamwe kanthu kalikonse koletsa ululu. Adokotala aakulu aja anali atandiuza kuti munthu amene anachitidwapo opaleshoni ya m'mimba, olo papite zaka 10 kaya 20, akaona zinthu zinayi izi pamodzi, kupota, kufufuma, kusanza ndi kusatulutsa mpweya, athamangire kuchipatala chimene chili ndi fiyeta, kuno ku Lilongwe ngati Kamuzu Central, osati kuyamba kumwa mankhwala otsegula m'mimba kapena zitsamba, chifukwa thumbo likakhala lapanikizika kukankha kumangowonjezera ngozi.

Anandijambula X-ray, inaonetsa matumbo atadzadza mpweya ndi madzi. Timinyewa tomwe tija sitioneka pa X-ray kapena pa sikani wamba, chimene amaona ndi kutsekekako, nchifukwa ena mumapita ku sikani ndi ululu nkuuzidwa kuti zonse zili bwino. Anandiletsa kudya ndi kumwa, dripi, nkundilowetsa chubu pamphuno mpaka m'chifu. Chubu chimenecho abale. Anesi anandigwira mutu nkumati mezani mayi, mezani, misozi ikungotuluka yokha, pakhosi ngati pakung'ambika. Koma chitangofika, m'kathumba kamene anamangirira m'mbali mwa bedi munayamba kutsika madzi obiriwira ambirimbiri, ndipo pasanathe ola mimba inayamba kuphwa, mseru unaleka, ndinapuma bwino koyamba usiku wonsewo. Ngati adzakuuzani za chubu musakane, n'chowawa polowa pokha.

Madokotala a opaleshoni anati adikira masiku awiri kapena atatu akundiyang'anira, chifukwa nthawi zambiri thumbo likapuma limamasuka lokha. Koma anati ululu ukasintha nkukhala wosalekeza, thupi likatentha, mtima ukathamanga kapena mimba ikalimba gwa, ndiye kuti thumbo likufa ndipo andilowetsa ku fiyeta nthawi yomweyo. Ndinafunsa kuti bwanji osangotsegula nkudula timinyewato zithe. Anati kutsegula kulikonse kumabala kumatana kwina, pena koposa koyamba, ndiye sathamangira mpeni pokhapokha palibe njira ina. Masiku amenewo anali aatali, pakamwa pouma, anzako akudya nsima pa bedi loyandikana, gadiyani wanga amene anali mng'ono wanga ankangondinyowetsa milomo ndi kansalu. Ulendo uliwonse anesi akabwera funso linali limodzi, mwatulutsa mpweya? Utatuluka mng'ono wanga anathamanga kukawauza ngati wapambana mayeso. Anandiyamba ndi madzi pang'ono, kenako phala lamadzimadzi, ndinatuluka osachitidwa opaleshoni.

Ndisanatuluke ndinafunsa mmodzi wa madokotalawo, mayi wachitsikana ndithu, kuti nanga chimene chimathandizadi n'chiyani ngati mapilisi sathandiza. Anandiyankha mosazungulira kuti zambiri zili m'manja mwa amene akuchita opaleshoniyo, osati mwa wodwala. Kugwira ziwalo mofatsa, kuletsa magazi bwinobwino kuti asatsalire mkati, kusalola matumbo kuuma, kupewa majeremusi, kusasiya ufa wa magolovesi. Opaleshoni ya timabowo ting'onoting'ono yogwiritsa kamera imabweretsa kumatana kochepa kusiyana ndi yotsegula mimba yonse, koma si nthenda iliyonse imene ingatheke choncho ndipo si paliponse pamene amapanga. Kunja kuli timapepala ndi madzi apadera amene amaika mkati asanatseke kuti ziwalo zisakhudzane masiku oyambawo, monga Seprafilm ndi Interceed, zimachepetsako koma sizithetseratu, n'zodula, ndipo zimaikidwa pa nthawi ya opaleshoni pomwepo, si zoti ungakagule pambuyo pake. Anati kafukufuku wina wa ku England wa mu 1990 anapeza kuti mwa anthu 100 amene anatsegulidwapo mimba, 93 anali ndi kumatana, koma ambiri mwa iwo amakhala moyo wawo wonse osadziwa n'komwe chifukwa sikuwavutitsa. Mawu amenewa ndikanawamva mu June muja bwenzi mantha anga atachepa ndi theka.

Kuyenda msanga opaleshoni itatha anati n'kofunika kwambiri, kumathandiza matumbo kudzuka komanso magazi asaundane m'miyendo, koma asandinamize kuti kumaletsa kumatana. Mbali ya wodwala ndi kusamala bala, kumaliza ma antibiotic ngati wapatsidwa, kubwerera msanga thupi likatentha kapena bala likatuluka mafinya, ndi kufunsa mafunso usanalowe ku fiyeta. Ine ndikanafunsa adokotala achinyamata aja funso limodzi lokha, kuti pali chimene ndingamwe kuti ndipewe zimenezi, bwenzi atandiuza kuti palibe. Timachita manyazi kufunsa chifukwa mzere ndi wautali ndipo amaoneka otanganidwa, koma funsani ndithu, ndipo musanagule chilichonse chowonjezera pitani ndi kabuku kanu ka kuchipatala ku famase yovomerezeka mukafunse.

Panopa ululu ukandigwira ndimamwa Panado basi, osapitirira mlingo wolembedwa, ndipo pachikuto cha kabuku kanga adokotala analemba ndi zilembo zazikulu kuti ndisapatsidwe mankhwala a gulu la Brufen. Ndimaonetsetsanso mankhwala a chimfine ndi a mutu a m'magolosale chifukwa ena muli aspirin kapena ibuprofen mkati. Ndimadya pang'onopang'ono, kutafuna kwambiri, mondokwa ndi mango aulusi ndinachepetsa monga anandilangizira. M'mimba mumakokabe nthawi zina ndikanyamula belo kapena ndikatembenuka mwadzidzidzi, ndipo anandiuza kuti kutsekeka kuja kutha kubweranso, ndiye ndikamapita kumudzi ku Dowa ndimakhala nditasunga ndalama ya transipoti yapadera.

Machubu tinakaunikitsa, amathira mankhwala m'chiberekero nkujambula. Lakumanzere ndi lotsekeka, lakumanja likudutsa bwinobwino. Adokotala anati ndi chubu chimodzi mimba imatheka, ndipo ikabwera ndiyambe sikelo msanga kuti aone ngati yakhala pamalo pake, komanso chifukwa cha mabala a pachiberekero ndidzabereka ndi opaleshoni, ndidzawauziretu a ku fiyeta kuti mkati muli kumatana kuti adzatsegule mosamala. Tikudikirabe. Alamu anga anachotsa okha voice note ija pa foni yawo ndipo anapempha amene anaiponya pa gulupu kuti aifufute, koma inali itapita kale ku magulupu ena, ndiye ngati yakufikani ndi imeneyo.